Chaka Chatsopano cha ku China m'kalasi ya ana aang'ono: mafunso ndi mayankho

Ndimaphunzitsa ana a Sitandade 1 ndi 2, ndipo kwa zaka zingapo tsopano, mvula ikafika pachimake mu teremu yachiwiri, kalasi yathu imafiira ndi nyali za mapepala. Aphunzitsi anzanga a ku pulayimale ndi a sukulu za mkaka, komanso makolo ena, amandifunsa mafunso omweomwewo chaka ndi chaka, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Muona kuti pali mfundo imodzi imene ndikuibwerezabwereza: mwana asanagwire sizasi, adziwe chifukwa chimene eni ake amapangira chinthu chimene iye akufuna kupangacho.

Kodi chikondwererochi chimachitika liti, nanga bwanji tsiku lake limasinthasintha?

Eni ake amachitchula kuti Chunjie, chikondwerero cholandira nyengo yophukira zomera, poti kwawoko kuzizira kumakhala kukupita kumapeto. Kalendala ya makolo awo imatsata mwezi wakumwamba, ndipo chaka chimayamba ndi mwezi watsopano umene umagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 2025 lidali pa 29 Januwale, mu 2026 pa 17 Febuluwale, mu 2027 pa 6 Febuluwale, ndipo mu 2028 pa 26 Januwale. Ana savutika kumva zimenezi mukawakumbutsa kuti Pasaka ndi Eid nazonso zimasuntha. Chikondwerero chimatenga masiku 15, n'kutsekedwa ndi usiku wa nyali wotchedwa Yuanxiao, mwezi uli wathunthu. Choncho tsiku loyamba likagwa Loweruka musadandaule, muli ndi masabata awiri athunthu.

Ana athu ali ndi zambiri zoti aphunzire za kwawo. Za ku China n'zachiyani?

Funsoli ndimalilemekeza, ndipo nthawi ya magule ndi nthano zathu sindiichepetsa. Koma anthu a ku China ana athu amawaona kale: m'sitolo, pa ntchito za misewu, pa zomangamanga. Chikhazikitsireni ubale wa Malawi ndi dziko la China mu Disembala 2007, dziko limeneli lamanga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi bwalo la Bingu National Stadium. Chimene mwana wa zaka 6 amadziwa za anthu amenewa nthawi zambiri ndi kukuwa m'mbali mwa msewu kuti "Mchaina! Mchaina!" basi. Zimandipweteka mtima, chifukwa amene akukuwidwayo ndi mwana wa munthu, ali ndi amayi ake amene akumudikira.

Mtima wa chikondwererochi ndi kubwerera kumudzi. Kwa masiku pafupifupi 40, masitima ndi mabasi a ku China amadzaza ndi anthu opita kukadya chakudya cha usiku womaliza wa chaka pamodzi ndi makolo awo. Ulendo umenewu amautcha chunyun. Ndikawafotokozera ana, ndimawafunsa kuti ndani adaonapo depoti ya mabasi pa 24 Disembala, akatundu ali mbwee, aliyense akulimbirana mpando wopita kwa agogo. Manja amakwera kalasi yonse. Kuyambira pamenepo nkhaniyo siikhalanso ya anthu achilendo. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, lidaika chikondwererochi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu Disembala 2024, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Ndiyambire pati?

Pa nthano, ana atakhala pansi, m'manja mulibe kanthu. Ine ndimayamba mwa kwathu, "Padangokhala," iwo n'kuvomera, "Tili tonse." Kalekale kudali chilombo dzina lake Nian, chimene chinkatuluka usiku womaliza wa chaka kudzagwira ziweto ndi anthu. Mudzi wonse unkathawira kumapiri. Chaka china kudabwera nkhalamba yachilendo imene idakana kuthawa. Idamata mapepala ofiira pachitseko, idayatsa nyali, n'kuponya nsungwi pamoto kuti ziziphulika. Chilombo chitafika chidaona kufiira, chidamva kuphulika, ndipo lidali liwiro la mtondo wadooka. M'chinenero chawo mawu oti nian amatanthauzanso chaka, ndipo kukondwerera chaka chatsopano amati guo nian, kuwoloka chaka.

Nthano imeneyi imayankhiratu mafunso atatu: chifukwa chake zonse n'zofiira, chifukwa chake pali nyali, chifukwa chake pali makombola ndi ng'oma. Mukaidumpha, ana adzadula mapepala bwinobwino koma mukawafunsa mawa lake adzangoti "tinapanga zokongoletsa."

Nyali ya pepala imapangidwa bwanji?

Tengani pepala la A4, lofiira ngati lilipo. Kumbali yaifupi dulani kachidutswa kotambalala masentimita 2, musunge, kameneko ndiye chogwirira. Pepala lotsalalo lipindeni pakati motsata kutalika kwake. Kuchokera popindapo jambulani mizere yotalikirana masentimita 2, iliyonse ilekezere masentimita 3 isanafike m'mphepete. Pamene mizere ikuthera pajambuleni mzere wokhuthala wopingasa, muwauze ana kuti awa ndi malire, sizasi ikafika apa iime. Mwana akadula, atambasule pepalalo, alikulunge kuti mbali ziwiri zazifupi zikumane, n'kumata. Akalikanikiza pang'ono pamwamba, nyali imatulutsa mimba, ndipo pamenepo ndi pamene mumamva "Eee! Madamu taonani!" Amate chogwirira chija, ndipo wofuna alendewetse tiulusi kunsi. Kwa ana a zaka 4, mizere 5 kapena 6 yotalikirana ndi yokwanira.

Kandulo ayi, ngakhale kamodzi. Nyali zouluka zija zoyatsa moto kunsi musaziyerekeze n'komwe, pali nyumba zofolera udzu ndi nkhokwe pafupi.

Pali mwambo wina wa usiku wa nyali umene ndimaukonda kuposa yonse. Eni ake amalemba zilapi pa timapepala n'kutipachika pa nyali, odutsa n'kumayesa kumasulira. Ife tili ndi zilapi zosatha. Ndimatuma mwana aliyense kuti akapemphe chilapi chimodzi kwa agogo kapena azakhali, ine n'kumulembera. "Nyumba ya amayi yopanda khomo" imabwera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi chaka chilichonse, ndipo dzira limayankhidwa mofuula nthawi zonse, koma pamabweranso zina zimene ine ndemwe sindinazimvepo. Apa ndi pamene mwambo wa eni ake ndi wathu zimagwirana chanza popanda kukakamiza.

Sukulu yathu ilibe ndalama zogulira zipangizo. Tingathe?

Mungathe. Chomatira ndimaphika ndekha: masupuni 2 a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi, kutakasa pamoto mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi. Phikani m'mawa wa tsiku lomwelo, chifukwa nyengo ya mvula chimachita nkhungu msanga, ndipo pakani pang'ono chabe, apo ayi pepala silidzauma. Inki yakuda ndi makala osinja osakaniza ndi madzi ndi kachomatira pang'ono. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga kapena nthenga ya nkhuku. M'malo mwa golide, sonkhanitsani mapepala onyezimira a m'mapaketi a mabisiketi ndi a tiyi. Makatoni a m'golosale, masaka, zitsekerero za mabotolo, zonsezi ana amabweretsa okha mukawauza sabata imodzi isanafike ntchito.

Chovuta ndi kufiira. Ndidayesa katondo wosefa, amatuluka wofiirira ngati njerwa. Ndidayesa madzi a chidede, amazilala akauma. Ngati pali kandalama kochepa, kagwiritseni ntchito pamenepa: mapepala ofiira kapena penti waufa wofiira. Zina zonse zikhoza kukhala zotola.

Makolo ena akamva kuti tipanga chinjoka cha gule wa chikondwererochi, akuti n'cha satana. Ndiwayankhe bwanji?

Musawaseke, ndipo musawanamize. Kholo limene limawerenga Chivumbulutso 12 likamva kuti mwana wake wapanga chinjoka kusukulu, lili ndi chifukwa chomveka chodzidzimukira. Vuto lili pa dzina. Nyama ya m'nthano za ku China imatchedwa long, ndipo ilibe chibale ndi chinjoka cha m'Baibulo, idangobwerekedwa dzinalo ndi omasulira. Long ali ndi thupi la njoka, mamba a nsomba, nyanga za mphalapala ndi zikhadabo za chiwombankhanga. Amakhala m'mitsinje, m'nyanja ndi m'mitambo, ndipo ntchito yake ndi kubweretsa mvula. Mafumu akale a ku China ankavala chithunzi chake, cha zikhadabo zisanu phazi lililonse. Ana ena akamva za njoka yaikulu yolamulira madzi amatchula Napolo, ndipo kufananako kulipodi, kungoti Napolo timamukumbuka ndi zigumukire pamene long eni ake amamuona ngati mwayi. M'kalasi mwanga ndimagwiritsa ntchito dzina loti long kuyambira tsiku loyamba.

Komanso si zoona kuti chikondwererochi chilibe mbali ya chipembedzo. Mabanja ambiri amapereka nsembe kwa makolo awo akale, amafukiza lubani, ena amapita kukachisi. Zimenezo ndi za eni ake, m'kalasi sizilowa: palibe guwa, palibe lubani, palibe kugwadira kanthu. Akhristu a ku China nawonso amapita kumudzi, amadya ndi abale, amapatsa ana maenvulopu ofiira. Ife timatenga mbali imeneyo.

Lemberani makolo kakalata sabata imodzi ntchito isanayambe. Kholo likakanabe, mwana wakeyo apange nyali kapena nsomba, ndipo pasakhale womunena. Nsomba ndi chizindikiro chenicheni cha chikondwererochi, chifukwa mawu oti nsomba, yu, amamveka chimodzimodzi ndi mawu otanthauza zotsala, ndiye pa chakudya cha usiku uja pamakhala nsomba kuti chaka chikhale cha mwanaalirenji. Mwana wojambula chambo chofiira cha mamba agolide sanatsalire m'mbuyo.

Nanga long wa kalasi yonse timamupanga bwanji?

Mutu ndi katoni yaikulu, kukamwa kodula, mano a pepala loyera, maso a zitsekerero, ndevu za luzi. Thupi ndi masaka kapena nsalu zakale zosokerera pamodzi, mamita 5 kapena 6. Mwana aliyense ajambule dzanja lake papepala, alidule kapena kuling'amba, alembepo dzina, limenelo ndiye mamba ake. Pansi mangirirani timitengo tansungwi totalikirana mita imodzi kuti ana anyamulire. Patsogolo pamayenda mwana mmodzi atanyamula mpira pamtengo, umene eni ake amati ndi ngale imene long amaithamangitsa. Mpira wachikulunga wokutidwa ndi pepala lofiira umagwira ntchito. Otsalawo aimbe ng'oma ndi zivundikiro za mapoto, kenako asinthane.

Musasokoneze gule ameneyu ndi wa mkango. Wa mkango amavina anthu awiri okha m'kati mwa chovala chimodzi, wina kumutu wina kumchira.

Nyama 12 zija n'ziti, ndipo mwana adziwa bwanji yake?

Pa kalendala yawo chaka chilichonse chili ndi nyama yake, ndipo ya mwana ndi ya chaka chimene adabadwa. Zimatsatana motere: khoswe, ng'ombe, kambuku wamizeremizere wa ku Asia, kalulu, long, njoka, hatchi, mbuzi, pusi, tambala, galu, nkhumba. Nthano imati mfumu yakumwamba idaitanitsa mpikisano wowoloka mtsinje. Khoswe adakwera pamsana pa ng'ombe, ndipo atafika tsidya adadumpha n'kukhala woyamba. Long, ngakhale amauluka, adafika wachisanu chifukwa adaima panjira kugwetsera anthu mvula. Mbuzi, pusi ndi tambala adathandizana pa chombo chimodzi. Galu adachedwa n'kusewera m'madzi, nkhumba idaima kudya n'kugona tulo. Ana athu amakana kuti Kalulu, kathyali uja, angakhale wachinayi, ndipo mkangano umenewo ndimaulola upitirire pang'ono.

Chaka cha 2019 chidali cha nkhumba, 2020 khoswe, 2021 ng'ombe, 2022 kambuku, 2023 kalulu, 2024 long, 2025 njoka, 2026 hatchi, 2027 mbuzi. Samalani ndi obadwa mu Januwale ndi Febuluwale. Mwana wobadwa pa 10 Januwale 2020 ndi wa nkhumba, chifukwa chaka cha khoswe chidayamba pa 25 Januwale. Samalaninso ndi kusekana, poti kwathu kumutchula munthu galu kapena nkhumba ndi chipongwe. Fotokozani msanga kuti kumeneko galu ndi chizindikiro cha kukhulupirika, nkhumba cha kulemera, khoswe cha nzeru. Ine sindiuza mwana kuti khalidwe lake kapena tsogolo lake lili mwakutimwakuti chifukwa cha chaka chobadwa. Timaumba nyamazo ndi dongo, timaziika pamzere, timawerenga woyamba mpaka wa 12, ndipo masamu a tsikulo atheka.

Maenvulopu ofiira aja, tiikemo ndalama?

Ayi. Kwa eni ake hongbao ndi envulopu imene akuluakulu amapatsa ana, muli ndalama zatsopano. Amapewa nambala 4 chifukwa dzina lake limamveka ngati mawu oti imfa, ndipo amakonda 8. Mwana amalandira ndi manja awiri, monga timaphunzitsira athu, ndipo satsegula pamaso pa womupatsa. M'kalasi timaikamo kachithunzi kapena mawu a mafuno abwino opita kwa munthu wa kunyumba.

Mtundu wa envulopu si nkhani yamasewera. Chaka changa choyamba ndidapita kukagula maenvulopu oyera kuti ana akajambulepo maluwa. Mayi a ku China amene amagulitsa m'sitoloyo adandifunsa kuti ambiri chotere ndi a chiyani. Nditawauza, adakhala chete, adatenga envulopu imodzi n'kuitembenuza m'manja, kenako adapukusa mutu. M'Chingelezi chawo chochepa adandiuza kuti yoyera imanyamula chipepeso cha pamaliro. Adatulutsa pepala lofiira pansi pa kauntala, adalipinda katatu, adapinda kunsi ndi kumwamba, n'kundipatsa ndi manja awiri. Mapindidwe amenewo ndi amene ndimaphunzitsa mpaka lero. Ndikadapanda kufunsidwa tsiku lija, ana 70 akadapita kwa makolo awo ndi maenvulopu a maliro, ine ndikuti ndawaphunzitsa chikhalidwe.

Ana amene sanadziwe bwino a, e, i, o, u angalembe zilembo za Chitchaina?

Zina angathe, ndipo amazikonda chifukwa zimafanana ndi zojambula. Yambani ndi 一, 二, 三, zimene ndi 1, 2, 3. Kenako 人, munthu wa miyendo iwiri, 大, munthu wotambasula manja kutanthauza chachikulu, ndi 山, phiri la nsonga zitatu. Chilembo chotchuka pa chikondwererochi ndi 福, chimene amachitchula fu, kutanthauza mwayi kapena madalitso. Chili ndi mizere 13, yochuluka kwa mwana wa Sitandade 1, choncho ndimachijambula ndine mwaukulu pa pepala lofiira loimika ngati dayamondi, ana n'kumatamo tizidutswa tonyezimira. Mabanja ambiri amachipachika chadodolido, chifukwa mawu oti kutembenuzika, dao, amamveka ngati mawu oti kufika, ndiye kuti madalitso afika. Koperani mosamala kuchokera pa chitsanzo chodalirika, poti kamzere kamodzi kakasowa ndiye kuti mwalemba china. Chimene sindilola ndi kukhwatchakhwatcha timizere topanda tanthauzo n'kumati ndi Chitchaina.

Ana okulirapo ayese jianzhi, luso lodula mapepala omata pamawindo, limene UNESCO idalizindikira mu 2009. Kupinda pepala pakati n'kudula theka la duwa kapena la nsomba ndi poyambira pabwino. Auzeninso kuti pepala lenilenilo lidachokera ku China, ndipo mbiri imatchula Cai Lun, nduna ya kunyumba ya mfumu, m'chaka cha 105.

Ndi zinthu ziti zimene ndiyenera kupewa?

Ndimadzifunsa chonchi: mphunzitsi wa ku Shanghai atafuna kuphunzitsa ana ake za Malawi, ndingakonde achite chiyani? Ndingasangalale atawaonetsa nyanja, atawaimbitsa nyimbo yathu, atawalawitsa nsima. Atawapaka mwaye kumaso kuti aoneke ngati ife, ndingalire. Ndiye m'kalasi mwanga palibe kukoka maso ndi zala, palibe kujambula maso ndi chekeni chakuda, palibe kuyerekeza chinenero chawo ndi maphokoso opanda pake. Mwana akachita zimenezi, ndipo wina adzachita ndithu, sindimukalipira. Ndimaimitsa ntchito, n'kufunsa kalasi kuti angamve bwanji wina ataseka mayankhulidwe a amayi awo. Kenako ndimawapatsa mawu enieni oti anene: Xinnian kuaile, chaka chatsopano chabwino, ndi xiexie, zikomo.

Ngati m'kalasi muli mwana wa makolo a ku China, musamuimike kutsogolo mwadzidzidzi kuti afotokoze za kwawo. Kambiranani ndi makolo ake kaye. Dziwaninso kuti si a ku China okha amene amakondwerera nyengoyi: ku Vietnam amati Tết, ndipo kumeneko mphaka ndiye ali pamalo a kalulu, ku Korea amati Seollal.

Ana ndi opitirira 70, masizasi ndi 4. Nditani?

Gawani magulu a ana 10, ndipo ntchito itenge masiku atatu kapena anayi. Gulu limodzi lokha ndilo lidule, muli pomwepo, ena akuumba, ena akung'amba mapepala ndi manja, ena akupenta. Kung'amba kumalimbitsa zala kuposa mmene ambiri amaganizira. Pemphani ana 5 kapena 6 a Sitandade 7 kuti adzathandize kugwira ndi kumata. Malezala asalowe m'kalasi.

Yesero lalikulu ndi loti mudule nokha usiku kunyumba kuti zioneke bwino alendo akabwera. Musatero. Nyali yopindika imene mwana wadula yekha amaidziwa pakati pa nyali 70, ndipo amakokera amayi ake pomwepo kuti aione.

Tsiku latipitirira. Tidikire chaka chamawa?

Pali chikondwerero china cha nyali, Zhongqiu, pa tsiku la 15 la mwezi wawo wa 8, chimene chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, teremu yoyamba itangoyamba kumene. Kunja kumakhala kouma, chomatira chimagwira msanga. Mabanja amakhala panja kuyang'ana mwezi, akudya makeke ozungulira, ndipo amati m'mwezimo muli kalulu amene akusinja mankhwala mumtondo. Auzeni ana akayang'ane usiku umenewo, m'mawa adzajambule chimene aona.

Zopangazo tizichita nazo chiyani pamapeto?

Nyali timazipachika pa chingwe chodutsa pakati pa kalasi, kutali ndi mawindo a mbali yolowera mvula, mpaka tsiku la 15 la chikondwerero cha Chaka Chatsopano. Tsikulo timamasulira zilapi zonse, long amazungulira bwalo la sukulu kamodzi, ndipo aliyense amatsitsa nyali yake. Mwana asanatuluke pakhomo ndimamufunsa funso limodzi, loti akafunsidwa kunyumba kuti bwanji nyaliyi ndi yofiira adzati chiyani. Mutu wa long ndimausunga pamwamba pa kabati, wokutidwa ndi thumba la pulasitiki chifukwa cha chiswe ndi makoswe, koma mamba timachotsa, poti kalasi ya chaka chamawa idzabwera ndi manja ake.